Amayi adya bolo ku Lilongwe

Moni nonse apabanja.

Lero kuchipatala kuno ku Lilongwe amayi anakananso phala. Chichokereni ku Ulongwe sanadyepo cholozeka. Ndinatuluka kukasaka, n'kupeza kapadariya, kamalo kophikira buledi, ka mayi wina wa ku Beira, akugulitsa bolo, keke ngati uja timadya pa Natale, pa Khirisimasi paja. Amayi atangomununkhiza anadzuka okha, n'kudya mpaka kutola nyenyeswa pachitenje.

A mano Zakariya, achimwene anga aja, atamva anandiimbira kuchokera ku Tete: "Iwe Rozita, ukufuna kuwapha ndi zotsekemera?"

A mano, adokotala ndawafunsa. Akuti amayi alibe matenda a shuga, adye chimene mtima wafuna. Amene ndikugona pansi pambali pa bedi lawo ndine. Mawa ndikagulanso bolo wina, wamkulu.

Atsibweni, titiya azakhali anga, ndalakwa pati? Nenani.