A Dizilo Azimitsa Injini

Dzina lawo lenileni linatha kalekale ngati sopo. Aliyense ankangoti a Dizilo, chifukwa ngakhale asambe bwanji, fungo la mafuta silinkawachoka. Ntchito yawo inali yopopa madzi m'nkhalango yotetezedwa. Chilimwe chikafika, mitsinje n'kuphwa, iwo ankaliza injini m'kanyumba ka malata, madzi n'kumathira m'thamanda kuti nyama zizimwa. Injiniyo ankaipukuta ndi malaya awo abwinobwino, mpaka akazi awo ankaitcha mkazi mnzawo. Nyama nazo zinaizolowera. Ikangotsokomola, njati ndi mphalapala zinkatuluka m'tchire ngati zaitanidwa.

Kenako kunabuka nkhondo. Asilikali nawonso amamva ludzu, choncho anamanga misasa pathamanda pomwepo. A Dizilo anathawa ndi banja lawo, injini n'kutsala m'manja mwa eni mfuti. Asilikaliwo sanachedwe kutulukira njira yachidule: kuliza injini, kubisala, n'kudikira kuti ndiwo zibwere zokha.

Nkhondo itatha, anzawo ambiri sanafune n'komwe kubwerera. A Dizilo anabwerera ndi akazi awo, imvi zili mbuu. Anatola makoko a zipolopolo ndi zitini, anakwirira mafupa, anamasula injini yonse n'kuimanganso. Italira, munthu wamkulu anagwetsa misozi. Thamanda linadzaza, koma m'matope munkangooneka mapazi a mbalame.

Anatsatira ndowe zouma mpaka kumapiri a miyala, kumene kale njati sizinkapondako. Kumeneko anapeza zotsala, nthiti zili pamtunda, zikunyambita chinyezi m'ming'alu. Mvula inali idakali kutali, ndipo zinkachita kuonekeratu kuti popanda madzi sizidzaiona. A Dizilo ali chibisalire, akazi awo kumunsi analiza injini monga anapanganirana. Phokoso litangofika, njati zija zinabalalika, ina mpaka kugwa chagada pamiyala. A Dizilo mtima unawapweteka kwambiri. Kulira kumene kale kunkaziitanira madzi, tsopano kunkazikumbutsa mfuti.

Atatsika, anazimitsa injini n'kuifunditsa lona. Akazi awo anafunsa ngati yawonongekanso.

"Ayi, amayi, ili bwinobwino," anatero. "Koma asilikali aja anaiphunzitsa bodza. Nyama sizidzaikhulupiriranso."

Anapeza mjigo wakale, anaumangirira pachitsime, n'kuyamba kupopa ndi manja. Kunena zoona, ambirife tikanangoti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ludzu likazikwana zitsika zokha. A Dizilo analibe mtima umenewo, ndipo anthu otere ndi osowa. Ntchito imene injini inkamaliza iwo asanamwe tiyi, tsopano inkawadyera tsiku lonse. Zikhatho zinatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika. Akazi awo ankawanena kuti ukalamba wawazunguza mutu, koma akatero ankawakankhira pambali n'kugwira okha mjigowo. Wailesi inatsekeredwa m'bokosi. Fodya anasiya chifukwa cha fungo, ndipo chifuwa chikawagwira ankakatsokomolera kutali.

Masabata anadutsa popanda chooneka. Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, a Dizilo atangokweza chogwirira cha mjigo, anaona njati yaikazi itaima m'mphepete mwa tchire. Kumbuyo kwake kunali kamwana kowonda, miyendo ili gwedegwede. Njatiyo inanunkhiza mphepo, inabwerera m'mbuyo, kenako inasenderanso.

Mjigo uja ukamatsika unkalira kuti kwiii. A Dizilo ankadziwa zimenezo, choncho sanautsitse. Anaima chomwecho, chitsulo cholemera chili m'mwamba, mikono ikunjenjemera, thukuta likulowa m'maso, ntchentche zikuchita zofuna zawo pankhope. Akazi awo, ali pakhomo la kanyumba kaja, anangogwira pakamwa.

Njati inamwa nthawi yaitali, kamwanako kakumwanso pambali pake. Zitalowa m'tchire, akazi awo anachita kubwera kudzawamasula zala pachitsulocho chimodzichimodzi, pakuti zinali zitauma gwa.