Ng'ombe Zomva Mluzu

Ndili ndi matenda akugwa. Ena amati khunyu. Anandiyamba ndili kale ndi ndevu, ndikuyendetsa thirakitala pa esiteti ina ya fodya cha ku Nkhamenya. Tsiku lina ndinagwa kuseri kwa chigafa, matenanti akuona. Ntchito inathera pomwepo. Ndinabwerera kwathu ku Kapelula, n'kugula ngolo ndi ng'ombe ziwiri.

Akazi anga sanakondwe nazo.

"Mukadzagwera pansi pa mateyala, ana ndidzawauza chiyani?"

Funsolo ndinaliganizira. Matendawa sachenjeza mokwanira. Ndimangomva kafungo ngati ka mphira wopserera, kenako ndimatsitsimuka anthu atandizungulira, lilime likuwawa. Pakati apo mawu satuluka. Ng'ombe za anthu ena zimaima zikauzidwa. Zanga zinayenera kumaima ine ndikakhala chete.

Chilimwe chonse ndinaziphunzitsa kudambo. Ndikamaimba mluzu ziziyenda. Ndikaleka, ndinkakoka chingwe kuti ziime. Yakuda inamva msanga. Yamawanga inali yamakani, koma goli ndi limodzi, inatsatira inzake. Mvula yoyamba isanagwe, chingwe sichinkafunikanso. Mluzu ukangoduka, ngolo ili njii.

Anthu ankaseka. Ndikamadutsa pamsika ankati, "Wailesi ija yatsegulidwa." Milomo inkauma, masaya kuwawa. Mapiritsi akuchipatala ndinkamwa osaphonya, mluzu ndinkaimba osaleka.

Kenako kunabwera makuponi a feteleza wotsika mtengo. Aliyense anali ndi thumba lofunika kuchotsa kudepoti, ndipo ngolo yanga sinagone. Ena ankakweza matumba okha, iwo n'kumayenda pansi kumbuyo. Ankaopa kuti malovu anga angawapatsire. Sindinalimbane nawo. Miyendo inali yawo.

Chaka china alamu anga, achimwene a akazi anga, fodya anawayendera bwino kuokushoni. Anagula galimoto yaing'ono ya matola. Kuyendetsa sankadziwa. Anabwera nayo pakhomo ndi dalaivala wobwereka.

"Alamu, mudzakalamba mukuyang'ana michira ya ng'ombe? Nayi ntchito ya amuna. Paja simunagwe kalekale."

Zinali zoona. Dzinja linali litadutsa kawiri ndisanagwe.

Ndinakhala pachiwongolero. Manja anali asanaiwale. Ndinazungulira bwalo la mpira, magiya akulowa ngati ndinawasiya dzulo. Sindinama, mtima unakoma. Ndinkafuna anthu a pamsika aja andione. Ndinavomera, alamu n'kundisiyira kiyi. Tinagwirizana kuti ndiyamba ndikatsiriza matumba amene ndinali nditalonjeza kale kunyamula pangolo.

Akazi anga anaona kiyiyo pazenera. Anangofunsa kamodzi.

"Kodi bambo, galimotoyo imamva mluzu?"

"Ndinachira," ndinatero.

"Chabwino."

Ulendo wotsirizawo ndinanyamula matumba a amayi a mpingo wathu. Awiri anakwera pamwamba pa katundu, wina ali ndi khanda kumbuyo. Kunkatentha, ndipo tinali titachedwa pamzere kudepoti osadya kanthu. Njira yathu ili ndi kamtsetse kotsikira pamlatho wa mitengo. Mlathowo ndi wopapatiza, ngolo imafunika kuilunjikitsa bwino. Titayamba kutsetsereka, ndinamva mphira uja.

Ndinatsitsimuka nditagona pambali pa njira, chitenje chili kumutu. Amayi a khanda aja anali atandigoneka chammbali. Sanaope malovu. Ndinadzutsa mutu kuyang'ana ngolo. Inali chiimire pamtsetse, mlatho uli patsogolo pang'ono. Ng'ombe zinali zitalimbitsa miyendo, goli litakankhikira kunyanga chifukwa cha kulemera kwa katundu. Yamawanga inkapuma mwamphamvu. Sinasunthe.

"Zinaima zokha," anatero amayiwo. "Ife timakuwa kuti ziyende tikutengereni kunyumba, koma zakana. Ng'ombe zanuzi n'zamwano, abambo."

"Sizimva chinenero chanu," ndinatero.

Ndinapuma mpaka mutu unayera. Milomo inali yotupa, mluzu unatuluka wosalongosoka, koma zinaumva. Tinawoloka.

M'mawa mwake ndinapita kwa alamu, kiyi ili m'thumba. Nkhani inali itawafika kale.

"Aa, alamu, kamodzi kokhako? Muzingomwa mapiritsi awiri m'malo mwa limodzi. Ndani adziwe?"

"Mapiritsi amandiyezera a kuchipatala, osati inu."

"Ndiye mubwerere ku michira?"

"Eya. Mukadzaiphunzitsa galimoto yanu kuima ine ndikakhala chete, mudzandiitane."

Ndinaika kiyi pampando, n'kutsanzika. Anakwiya kwa kanthawi, kenako anapeza dalaivala wina. Galimotoyo ikamandipitirira pamsewu, fumbi lake linkandiwawa m'maso, ndi mumtima momwe. Zimenezo sindibisa.

Kuchipatala nditafotokoza, anandisinthira mankhwala. Anatinso za chiwongolero ndiiwale. Ndinawauza kuti ndinaiwala kale ndekha.

Chaka chotsatira makuponi atatuluka, palibe amene anayenda pansi kumbuyo kwa ngolo yanga. Ankalimbirana malo pamwamba pa matumba. Akazi anga nawo anakwera, koyamba chigulireni ngoloyo. Anakhala pambali panga, atanyamula botolo la madzi oti ndizinyowetsa milomo.

"Imbanitu, a wailesi," anatero. "Dzuwa likutithera."

Ndinaimba, ng'ombe n'kunyamuka.