Ndinavina M'kalasi ya Anamwino

Ndine namwino pa kiliniki ina ku Benoni, ndipo kuti laisensi yanga isathe mphamvu ndimayenera kuchita maphunziro owonjezera. Phunziro lomaliza limene linanditsalira linali la pa foni, Loweruka masana, tsiku lomwelo la chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga ku Wattville.

Ndinadziona wochenjera. Ndinalowa m'kalasimo, n'kutseka kamera, kachomvera ka kukhutu n'kukabisa m'duku. Aphunzitsi ankafotokoza kanyamulidwe ka odwala kosapweteketsa msana, ine ndili kalikiliki kugawa mpunga.

Kenako pachinkhoswepo anayika nyimbo ya kumudzi. Achemwali anandikoka dzanja. "Anaphiri, mwabwera kudzaima ngati mzati?"

Ndinatsamiritsa foni ku botolo pa tebulo, osadziwa kuti chala chatsegula kamera. Ndinavina mpaka pansi, m'chiuno muli gwedegwede. Ndili pansi pomwepo, m'khutu munamveka mawu a aphunzitsi, odekha bwino: "Sisita Phiri, mawondo mwapinda bwino, koma msanawo ayi."

Kalasi yonse inkandionerera. Ndinathamangira foni ija, ndipo ine, mayi wamkulu ndithu, ndinanama. "Pepani, ndi netiweki." Netiweki yovala chitenje, thukuta lili kamukamu.

Tsiku limenelo sanandiwerengere. Phunzirolo ndinabwereza mwezi wotsatira, nditakhala pampando ngati mwana wa sukulu, ndipo laisensi inatuluka. Mkwatibwi amati palibe anavina kuposa ine, mayi ake aang'ono.

Koma mpaka lero kuntchito, ndikangopinda mawondo kuti ndinyamule wodwala, anzanga amayamba kuwomba m'manja.