Chikhadabo Changa pa Khomo la Kanyumba ka Pachipata

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa chodziwa kuwerenga manambala. Mzungu wa esiteti ina kufupi ndi Benga ankafuna kanyumba ka mlonda pachipata, konga ta kwawo: zipinda ziwiri, denga losongoka, chumuni, ndi khomo lozungulira pamwamba ngati uta. Mmisiri wake anali a Fundi Selemani a ku Kotakota. Iwo ankamanga ndi maso, pepala la mzunguyo silinkawayankhula. Aphunzitsi athu ndiwo anandipereka kwa iwo, nati, "Ndi wamanyazi, koma sanama."

Ndinkawawerengera mainchesi, kukoka chingwe, kugwira levulo yoonera ngati khoma laongoka, kuviika njerwa m'madzi ndi kusakaniza laimu ndi mchenga. Pomanga khomo tinakhoma chikombole cha matabwa chopindika, n'kuchichirikiza ndi mitengo iwiri, ndipo njerwa tinaziyala pamwamba pake kuchokera uku ndi uku. Ya pakati, imene imatseka zonse, a Fundi anandipatsa ine kuti ndiike.

"Laimu si simenti, mwanawe, amauma pang'onopang'ono," anatero. "Dinda chikhadabo. Chikalowa, mitengo isachoke."

Lachisanu a Fundi anapita ku mzikiti. Masana mzungu anafika ali pa changu: alendo ake ochokera ku boma ankabwera mawa lake, ndipo sankafuna kuti aone mitengo pakhomo.

"Chotsa zonse izi. Tsopano."

Chibadwire ndinali ndisanakanepo mawu a munthu wamkulu, nanji mzungu. Ndinadinda chikhadabo pakati pa njerwa, ndipo chinalowa ngati m'mbatata yophika.

"Pepani bwana, sanaume."

Anafiira nkhope. Anati ndikapanda kumvera, ntchito yatha, ndibwerere kwathu lero lomwe. Ndinaganiza za nkhope ya aphunzitsi athu. Kenaka mzunguyo anatola hamala kuti agwetse mitengoyo yekha. Ine ndinakaima pakati pa mitengo iwiri ija, maso pansi. Akanamenya, njerwa zikanagwera ine. Anaponya hamala pansi, nandiuza kuti nditenge zanga ndizipita.

A Fundi anandipeza nditakhala pamsewu ndi kathumba kanga. Atamva nkhani, anapita kukaona pomwe ndinadinda, kenaka anakwera kunyumba yaikulu. Ndinawamva ndili patali: "Mwanayu akapita, bwana, chumuni mumalize nokha."

Alendo anabwera, naona mitengo, ndipo palibe anadwala nazo.

Patapita masabata awiri chikhadabo chinakana kulowa. A Fundi anandipatsa hamala. "Woika njerwa ya pakati ndiye amaima pansi pake. Lowa, wamanyazi iwe." Ndinagogoda pang'onopang'ono, matabwa anatsika, khomo linaima lokha pamwamba pa mutu wanga.

Ndamanga nyumba zambiri kuchokera pamenepo, ndipo eni ake onse amakhala pa changu. Ndimawamvera mwaulemu, koma ndimayamba ndafunsa khoma. Kanyumbako kadakalipo. Mukadutsa, yang'anani kumanzere kwa njerwa ya pakati: chikhadabo changa chili pomwepo.