Mpando wa Nemesia Arreola

Nemesia Arreola anakulira m'chigayo. Bambo ake ndiwo anachimanga kumtunda kwa tauni ya San Cosme, kumene phula amathera n'kuyamba msewu wa miyala. Atamwalira, alongo ake onse ali kunja kofuna maganyu, chigayocho chinatsala m'manja mwake. M'mawa uliwonse amayi akumtundako ankabwera ndi zidebe za chimanga chophika, iye n'kuwagayira kuti akaumbe matortiya, timikate tawo topyapyala ta chimanga. Phokoso la injini linamugonthetsa khutu lakumanzere, moti ukamalankhula naye ankapendeketsa mutu ngati akukayikira zimene ukunena, ndipo ena ankamuopa chifukwa cha zimenezo. Anakwatiwa ndi Fidencio, munthu wofatsa wokonza mapampu a madzi. Mwana anali naye mmodzi, Yareli, amene atakula anayamba ntchito m'sitolo ya mankhwala kumsika.

Ndale Nemesia sankazilabadira. Anazilowa chifukwa cha Don Abundio Lezama, loya wa m'tauniyo, amene anali bambo a ubatizo a Yareli. Kuyambira pa ubatizowo ankaitanana kuti kompadre ndi komadre, ndipo kompadre wako sumubweza pakhomo. Don Abundio anali ndi kachipani kawo ka chizindikiro cha mlatho, kodziwika m'chigawo chawo chokha. Chaka chosankha aphungu a nyumba ya malamulo ya chigawo, anakwera kuchigayo, nsapato zili waliwali. Anafotokoza kuti mipando ina salimbirana munthu ndi munthu: amaphatikiza mavoti onse a chipani n'kuchipatsa mipando molingana ndi gawo lake, kuyambira dzina lapamwamba pa mndandanda wa chipanicho kutsika m'munsi. Chaka chimenecho lamulo linkafuna kuti pamwamba pakhale mkazi. Nemesia akhale pamwambapo, iwo eni ake adzakhala achiwiri.

"Tikungobwereka dzina lanu, komadre. Zinazo tidzakonza."

Kaya anali atawapatsa khutu logontha lija, kaya sanafune kufunsa kuti kukonzako n'kotani, Nemesia anavomera.

Koma ataona dzina lake litasindikizidwa pakhoma la msika, anachita manyazi kukhala chete ngati si lake. Anayamba kuuza amayi a pamzere kuti akavotere mlatho, iye ali pomwepo. Sanalonjeze zambiri. Ankangonena za madzi, amene kumtundako ankatuluka m'mipope mwa apo ndi apo pamene kumunsi ankatsukira galimoto. Amayiwo anauza amuna awo, amuna anauza anzawo kumunda wa khofi. Lamlungu la chisankho mzere wa kusukulu yakumtunda unakafika kutchalitchi. Ataphatikiza zonse, kachipaniko kanangodutsa pang'ono mlingo wofunika kuti kapeze mpando, ndipo kanapeza umodzi wokha. Aliyense ankadziwa kumene mavotiwo anachokera.

Don Abundio anamuitanitsa ku ofesi yawo. Anamupatsa khofi ndi buledi wotsekemera, namuyamika kwambiri. Pafupi ndi chitseko panakhala mwamuna wina wachilendo, chipewa chili pabondo, ndipo palibe amene anatchula dzina lake. Kenako anafika pa nkhani: Nemesia apite ku ofesi ya zisankho akanene kuti mpandowo akuusiya chifukwa cha matenda. Akatero mpandowo ugwera dzina lotsatira, lomwe linali lawo.

"Ndikanene kuti ndikudwala chiyani, kompadre? Tauni yonse ikudziwa kuti chigayo sindinachitsekepo, ngakhale ndili ndi pakati."

Don Abundio anaseka mpaka kupukuta misozi. "Matenda sachedwa, komadre. Munthu umadzuka uli bwinobwino, pofika masana anthu akukunyamula."

Mlendo uja sanaseke. Nemesia anati akaganiza kaye.

Palibe amene anamuopseza ndi mawu kuchokera tsiku limenelo. Kungoti m'mawa mwake galimoto yoyera yopanda nambala inaima moyang'anizana ndi chigayo, injini ili chilirire. M'katimo munali mlendo uja, akusenda malalanje n'kumataya makoko pawindo. Ankachoka chigayo chikatsekedwa, mawa lake n'kubweranso. Mzere wa amayi unayamba kufupika. Ena ankatsika ndi zidebe zawo mpaka kuchigayo chakumunsi, akudutsa pakhomo pake maso ali pansi. Amene anapitiriza kubwera ankalowera kuseri. Fidencio naye anthu anasiya kumuitana, ngakhale amene mapampu awo ankamveka kulira moipa kuchokera mumsewu.

Lamlungu lina pobwera ku misa anapeza galu wawo atamangidwa pamtengo wa mapeyala m'kati mwa mpanda. Chingwe chinali chatsopano, mfundo yake yomangidwa mwaluso, ndipo pambali panali mbale ya madzi. Galuyo sanavulale paliponse, ankangogwedeza mchira. Geti linali lokhoma monga analisiyira. Anansi onse anati sanamve kuuwa.

Fidencio anamasula chingwecho. "Asiyire mpandowo, Nemesia," anatero. "Ife tinali bwinobwino."

Nemesia sanamutsutse. Mpandowo sankaulakalaka. Kuwerenga ankawerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere, ndipo zoimirira pamaso pa anthu a masuti sankazifuna. M'mawa mwake sanatsegule chigayo. Anavala diresi lake la kutchalitchi, nakwera basi yopita ku likulu la chigawo kuti akausiye mpandowo.

Ku ofesi ya zisankho anapeza kuti sanali yekha. Pabenchi panali amayi ena a zipani zina ochokera m'matauni ena, aliyense ali ndi mwamuna pambali pake atamugwirira chikwama. Mlembi ankafunsa mmodzimmodzi ngati wabwera mwa kufuna kwake, ndipo aliyense ankagwedeza mutu kuvomera osayang'ana wofunsayo. Mayi wina wovala malaya opeta a kumudzi anafunsidwa chimene akudwala. Anatembenukira kwa mwamuna uja kuti amukumbutse.

Nthawi yake itakwana, Nemesia anaimirira, nayang'ana mlembiyo, nanena kuti walakwitsa khomo. Anatuluka osausiya mpandowo. Pabasi sanamve kuti wachita chamuna. Ankangoganiza zimene akamuuze Fidencio.

Tsiku lolumbira, Don Abundio anamudikira pa masitepe a nyumba ya malamulo ndi maluwa ambirimbiri. Anamupsompsona patsaya pamaso pa ojambula, kenako anasendera kukhutu lake lakumanja, pakuti ankadziwa lomwe limamva.

"Mwana wathu Yareli wakula bwanji. Ndimamuona akutseka sitolo yekhayekha, n'kudzera kanjira ka kuseri kwa msika kaja. Mumuuze azisamala, komadre."

Nemesia analowa, nakweza dzanja, nalumbira. Mawu ake sanamveke ngakhale kwa amene anali naye pafupi. Sabata yomweyo anamukweza Yareli basi ya ku mzinda wa Mexico kwa azakhali ake, mtsikanayo akulira ndi mkwiyo, akuti ntchito yake ndi chibwenzi chake zatha chifukwa cha mpando umene mayi ake sankaufuna n'komwe.

Chigayo chinatsekedwa, pakuti panalibe wochiyendetsa. Fidencio anakana kusamukira ku likulu. Anati nyumba ikasiyidwa yokha ndiye kuti wawauza anthu aja kuti alowe. Nemesia anapeza kachipinda kalendi pafupi ndi nyumba ya malamulo. M'nyumba ya malamuloyo amakhala kumapeto, yekha, chifukwa chipani chake chinalengeza kuti sichikumudziwa. Nkhani ya madzi waidzutsa kangapo. Amamumvetsera mwaulemu n'kuitumiza ku komiti.

Kwawo amapitako mosadziwitsa munthu, tsiku losiyana ndi la ulendo wapita, ndipo pabasi sakhala pawindo. Galimoto yoyera ija inasiya kubwera kalekale. Palibe chimene chamuchitikira, iye kapena Fidencio kapena Yareli. Fidencio amati mwina anthuwo anaiwala. Chisankho china chikuyandikira, ndipo mwezi watha Don Abundio anatumiza munthu kunyumba kudzangofunsa ngati komadre wawo akupeza bwino.