Supachaja ya Mkamwini wa a Khutu

Pamzere wa magalaja, kuseri kwa depoti ya mabasi, palibe amene amatchula dzina lenileni la makaniko wamkulu wa pagalaja yakumapeto. Onse amangoti a Khutu. Ndi bambo aafupi, a mapewa otambalala, ovolosi yawo inaiwala kalekale kuti inali ya buluu, ndipo m'thumba la pachifuwa simusowa sikuludiraiva yaitali ya chigwiriro chamtengo.

Ntchitoyi anaiyamba akutsuka mabawuti m'palafini kwa makaniko wina wolusa amene sankaphunzitsa ndi pakamwa. Ankangoliza injini n'kufunsa kuti, "Yadwala chiyani?" Ukaphonya, tsiku limenelo sugwira sipanala. A Khutu anaphunzira kutsamiritsa nsonga ya sikuludiraiva pa injini, chigwiriro pakhutu, maso ali tsinzinu, mpaka chitsulo chilichonse m'katimo anachidziwa mawu ake. Mpaka lero anthu amakambabe za dalaivala wa lole amene a Khutu anamukuwira ali tsidya la msewu kuti beringi ya m'injini yake siifika masana. Dalaivalayo anaseka n'kupita. Nthawi isanakwane leveni koloko anabwerera akukokedwa ndi chingwe, nkhope ili pansi. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri khutu limenelo linadyetsa banja, linaphunzitsa ana anayi, linamanga nyumba ya malata.

Chimene mzere wonsewo sunkadziwa n'chakuti khutulo linali litayamba kufa. Zinayamba ndi mbalame za padenga la galaja, zimene a Khutu anangoganiza kuti zasamuka. Kenako foni inayamba kulira m'thumba iwo osaimva. Mawu onse owonda anathawa limodzi, n'kutsala akuluakulu okha, nawonso ngati akuchokera kuchipinda china. Kwa zaka ziwiri anabisa mwaluso. Ankayang'ana milomo ya munthu, ankagwedeza mutu pomwe pakuoneka kuti mpogwedezera, ndipo chigwiriro cha sikuludiraiva anachisunthira pafupa la kuseri kwa khutu, pomwe kunjenjemera kwa injini kunkawafikabe. Kunyumba mayi anazindikira kale, koma sananene kanthu. Anangoyamba kumabwera kutsogolo kwa amuna awo akafuna kulankhula.

Lolemba lina mkamwini wawo, mwamuna wa mwana wawo wamkazi woyamba, anaimika pikapu yake pakhomo la galaja n'kutsitsa chikatoni cholemera. Mkamwiniyu amalima mbatata kumapiri, kumene msewu wa tala umathera pakwale ya miyala, ndipo kuchokera apo ndi fumbi, miyala ndi chitunda chimodzi choopsa chokhala ndi phompho kumanzere. Pikapu yake ndi ya petulo, yakale, yokoka ndi mateyala onse anayi. Ikasenza feteleza inkakwera chitundacho ikupuma ngati nkhalamba.

"Bambo, ndapeza mankhwala a chitunda chija," anatero mkamwini akung'amba katoni. "Supachaja. Akuti mphamvu iwonjezekera pafupifupi theka."

A Khutu anachitembenuza chinthucho m'manja. Ankachidziwa. Chimakhala pamwamba pa injini, chimazunguzidwa ndi lamba, ntchito yake n'kukankhira mpweya wambiri m'katimo kuti moto uziyaka mwamphamvu.

"Akamwini, bwanji osapita nacho kwa anyamata a kompyuta aja pakona?"

"Ndinapitako. Akuti galimoto yanga ndi yakale, ilibe pobaya waya wawo, pokhapokha atagula zida zina zomvetsera, mwina mwezi wamawa. Ine ndawauza kuti apongozi anga khutu lawo limaposa makompyuta awo onse."

Ananena mokweza, akuseka, ndipo wowotcherera zitsulo wa galaja yoyandikana nayo anavomereza ndi mutu. A Khutu anaseka nawo, n'kunena kuti aisiye galimotoyo.

Kumanga sikunavute. Masiku atatu manja anagwira ntchito yawo monga mwa nthawi zonse: kuchotsa zakale, kusema kachitsulo kogwirizira chifukwa kobwera m'katoni sikanakwanire, kuyika mapulagi ena, kukoka lamba mpaka alimbe bwino. Lachinayi masana injini inalira. Anthu anabwera kudzaonera, akuti ikuliza kakhweru kokoma. A Khutu anavomera kuti n'kokomadi, ngakhale sankakamva n'pang'ono pomwe.

Chovuta chinali kutsogolo, ndipo ankachidziwa kuposa wina aliyense. Injini yokankhiridwa mpweya, moto ukamayaka nthawi yake isanakwane, imayamba kugogoda. Si kugogoda kwakukulu ayi, ndi kaphokoso kowonda ngati timisomali m'chitini. Sikamveka galimoto itaima. Kamabwera pachitunda pokha, katundu ali pamsana, phazi lili pansi, pomwe munthu sangatsamiritse sikuludiraiva paliponse. Ukakalekerera, pisitoni imabooka. Injini ikazima pachitunda mabuleki amauma ngati mwala, ndipo pachitunda chimenecho galimoto yobwerera m'mbuyo ili ndi njira imodzi yokha. Loweruka lililonse mwana wawo wamkazi ankakwera pikapu imeneyo ndi tiana take tiwiri.

Madzulo a tsikulo, dzuwa likadalipo, a Khutu anakhala pakhonde osakhudza tiyi wawo. Mayi anabwera n'kuima patsogolo pawo.

"Mawa mukukayesa galimoto ya akamwini?"

"Eya."

"Mukamvera ndi chiyani?"

A Khutu anawayang'ana akazi awo mwamanyazi.

"Ndiphunzitseni kulira kwa injini yogogodayo," anatero mayi. "Anga makutuwa ndi abwinobwino, amangomva miseche ya pachitsime. Agwireko ntchito."

A Khutu analowa m'nyumba, anatenga chitini chopanda kanthu n'kuponyamo timisomali titatu. Anachigwedeza pang'onopang'ono kuseri kwa mpando, wailesi ili yotsegula, mayi atatembenuka. Mayi akamva ankakweza dzanja. Anabwereza kambirimbiri mpaka anagwirizana kuti m'galimoto mayi adzakhala pakati, ndipo akadzangomva timisomalito adzawatsina amuna awo pantchafu.

"Paja amati wakutsina khutu ndi mnansi," anatero mayi. "Nanga wakutsina ntchafu ndi ndani?"

A Khutu sanaseke.

Lachisanu m'mawa anakweza matumba khumi ndi awiri a mchenga kumbuyo. Mkamwini anadabwa kuona apongozi ake aakazi atavala nsapato zoyendera.

"Amayi nawonso akupita?"

"Ndikufuna ndikaone kumene mumandigwedezera adzukulu anga," anatero mayi akukwera. Mkamwini anadzifinyira kuchitseko kuti angawagunde ndi chigongono posintha giya.

Atafika pansi pa chitunda a Khutu anatsitsa galasi n'kupendeketsa mutu monga ankachitira kale, maso ali tsinzinu. Mkamwini analowetsa giya yachiwiri n'kuponda moto. Pikapu inalumpha ngati yalumidwa ndi mavu. Miyala inkathawa pansi pa mateyala, mpando unawakankha pamsana, mkamwini akufuula ndi chisangalalo. A Khutu ankangomva chiphokoso chimodzi chachikulu chopanda mutu. Mtima wawo wonse unali pantchafu.

Asanafike pakati, zala za mayi zinaluma.

"Chotsani phazi! Chotsani!"

Mkamwini anachotsa. Anaimika pamalo otakasuka, anaika mwala kuseri kwa teyala. A Khutu anatsegula boneti n'kubweza taimingi kuti moto uzichedwerako kuyaka.

"Ine sindinamve kalikonse," anatero mkamwini akupukusa mutu. "Khutu lanu, bambo, ndi la mtundu wina."

Anatsika n'kuyambiranso. Ulendo wachiwiri mayi anatsina atadutsa pakati. A Khutu anabwezanso pang'ono. Ulendo wachitatu anadutsa pakati, anadutsa pamwala waukulu, anafika pokhota pomaliza pomwe chitunda chimaimirira kwambiri ndipo phompho limayandikira mpaka kuoneka pansi pake. Injini inali kukuwa. Dzanja la mayi linali pantchafu pomwepo. Linafinya pang'ono, n'kuleka, n'kufinyanso mosatsimikiza, koma silinatsine. Anatulukira pamwamba.

Mkamwini anamenya chiwongolero ndi manja onse awiri. Njira yonse yobwerera ankangolankhula: mawa adzatsika ndi banja kudzagula feteleza, matumba khumi ndi asanu ulendo umodzi, anzake akumapiri adzaona fumbi lokha.

Atafika pagalaja anapeza dalaivala wa minibasi akudikira, boneti ili yotsegula, akuti wakhala pamenepo kuyambira m'mawa chifukwa injini yake safuna kuti wina aimvere koma a Khutu. Iwo anamupempha kuti adikire pang'ono. Anakokera akazi awo kuseri kwa mulu wa mateyala akale.

"Pokhota pomaliza paja, munamva kapena simunamve?"

Mayi anayang'ana pansi, kenako anakweza nkhope kuti milomo ioneke.

"Sindikudziwa, bambo. Khweru lija linakula kwambiri. Mwina tinali timisomali, mwina inali miyala ikumenya pansi pa galimoto. Ndinaopa kutsina pachabe, ndinaopanso kusatsina. Ine ndaphunzira dzulo, ndi chitini."

A Khutu anatsamira mateyalawo. Kale, funso limeneli likanatha m'kuphethira kwa diso. Akanabweza taiminginso mwachimbulimbuli, koma kubweza kwambiri kumatenthetsa injini, ndipo popanda kumva sakanadziwa pomwe aimire. Kubwereranso kuchitunda sikukanathandiza, poti makutu a mayi anali atafika pamalire ake. Akanathanso kungokhala chete. Mwina inalidi miyala. Mwina galimotoyo ikanayenda zaka khumi osadandaula, dzina lawo lili chilili. Anaganiza za matumba khumi ndi asanu, dzuwa la masana, ndi kamdzukulu kawo kakang'ono kamene kamakonda kukhala kuwindo lakumanzere.

Mkamwini anali atatsitsa kale mchenga, makiyi akuwazunguza pachala. A Khutu anatulukira, anatsegula boneti, anamasula bawuti n'kuvula lamba wa supachaja. Anabwezera paipi yakale ya mpweya ndi zonse monga zinalili. Mkamwini anaima chiimire, kumwetulira kukuchoka pang'onopang'ono.

"Bambo, chalakwika n'chiyani? Si mwaimva nokha kuti ili bwino?"

A Khutu anapukuta manja pansanza, anamuyandikira, n'kuyesa kutsitsa mawu.

"Sindinaimve, akamwini. Papita zaka ziwiri ndisakumva. Amene amamvera pachitunda paja ndi apongozi anu aakaziwa, ine ndimangodikira kutsinidwa. Pokhota pomaliza sakudziwa ngati inagogoda kapena ayi, ndipo inenso sindikudziwa. Lamba uyu mukamuike kwa anyamata apakona aja, zida zawo zikabwera. Mwana wanga asakwere galimotoyi ili ndi lamba ameneyu wina asanaimvere."

Iwo ankayesa kuti akunong'ona. Koma munthu wosamva sadziwa kukula kwa mawu ake. Anazindikira ataona wowotcherera atazimitsa moto wake, magalasi akuda atawakweza pamphumi. Ogulitsa oilo kutsidya anali atasiya kuthira. Mzere wonse unali utatembenukira kwa iwo, ndipo madzi akatayika saoleka.

Dalaivala wa minibasi anakanda m'mutu. Anayang'ana foni yake ngati wina wamuitana, anatseka boneti mwaulemu kwambiri, osaimenyetsa, n'kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. A Khutu anaiperekeza ndi maso minibasiyo mpaka inakhotera pagalaja ya pakona. Zinawapweteka kuposa momwe ankaganizira.

Mkamwini analandira lamba uja ndi manja awiri. Anaweramitsa mutu, monga amachitira nthawi zonse polankhula ndi apongozi ake, n'kunena mawu angapo motsitsa. Milomo yake sinkaoneka. Mayi anasuntha kuti abwere kutsogolo adzawabwerezere, koma a Khutu anawaletsa ndi dzanja.

"Akamwini, dzutsani nkhope, mundiyang'ane," anatero, anthu onse akumva. "Munene mokweza. Sindinamve."