Ufa wa Lachisanu

Ndikakumbukira agogo anga aakazi, chimayamba kundifika ndi fungo la tiyi wouma lomwe silinkachoka m'chitenje mwawo ngakhale achape kawiri, kenako utsi wa nkhuni za bulugamu umene unkatsika kuchokera ku fakitale n'kudzayala pa malayini pamene tinkagona ife a pa esiteti, kumtunda kwa Chitakale. Ntchito yawo inali kusankha timitengo m'tiyi. Amayi odzaza shedi ankakhala pansi, lichero pamiyendo, zala zikutolatola mpaka belu. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mayi anga atamwalira kale, ndipo kanyumba ka chipinda chimodzi ka pa layini ndiko kanali kwathu konse.

Tsiku lina anabweretsa makina. Ankangonjenjemera, timitengo kugwera uku, tiyi uko. A kapitawo anasonkhanitsa amayi aja n'kuwauza kuti ntchito yatha, koma bwana wati asadandaule: m'nyumba azikhalabe, ndipo Lachisanu lililonse azilandirabe phoso, ufa ndi nyemba, monga kale. Osagwira kanthu.

Ena analuluta. Agogo anangoyang'ana pansi. Masiku amenewo sunkafunsa zambiri pagulu, poti sunkadziwa amene akatule mawu ako kwa a chipani. Titafika kunyumba ndiye ananena, chapansipansi: "Chimene timadyetsa osachituma ndi nkhumba. Ndipo chifukwa chake ukuchidziwa."

Iwo anathawa ku Mozambique ali mtsikana, ndipo ankati kumeneko wokupatsa bulangete lero ankabwera mawa kudzakutenga. Ndiye m'mawa mwake belu litalira ananyamula lichero n'kukakhala pakhomo pa shedi. A kapitawo anawabweza. Mawa lake anapitanso. Anapempha kuti azisesako pansi pa makinawo, anawakaniza kuti angadulidwe zala. Basi, agogo anati ngati palibe chogwira, ufawo sautenga.

Lachisanu anzathu ankadutsa ndi ufa pamutu, ife tikudya chinangwa ndi nkhwani. A pa khomo loyandikana nafe, mayi a Esinati, anabwera kudzawakalipira kuti akuzunza mwana pa zinthu zosamveka, ufa ndi ufa, m'mimba simufunsa. Agogo anawafunsa kuti nanga ngati makina ndiwo akugwira, bwana akutidyetseranji, watikonda kuyambira liti? Mayi a Esinati anangogwedeza mutu n'kutuluka. Ine ndinali ndi njala, ndiye mumtima ndinali mbali ya mayi a Esinati.

Chimene agogo sankadziwa n'chakuti pa mzere wa phoso ndi pamene kalaliki ankaonera amene akadali pa esiteti. Masabata anayi dzina lawo linaitanidwa popanda woyankha. Sabata yachisanu kunafika banja lina ndi katundu pamutu, akuti awauza kuti nyumbayi mulibe munthu. Agogo anandigwira dzanja mpaka kwa a kapitawo.

"Ndinkabwera tsiku lililonse, munkandiona."

"Ndinkakuonani pa shedi, mayi. Pa mzere wa ufa sindinakuoneni."

Tinakulunga mphasa n'kupita ku Nkando kwa achimwene awo, kumene anatipatsa khitchini kuti tizigonamo. Ndinawakwiyira chaka chathunthu, osanena. Kenako inamveka mbiri yoti bwana uja wasinthidwa, watsopano waletsa phoso, ndipo amayi onse a m'shedi awachotsa pa malayini, mayi a Esinati nawonso. Ndinkayesa agogo anyadira. Ayi, anangofunsa ngati makina aja akadagwirabe, atauzidwa kuti inde anapitiriza kupeta mapira awo. Mayi a Esinati anadya chaka chonse, ife sitinadye, koma tonse tinathera kunja. Wolondola anali ndani? Mpaka pano sindidziwa.

Lero agogo ndine. Mdzukulu wanga akuti makina ayamba kuthyola ndi tiyi yemwe m'munda, ndipo kumayiko ena akukambirana zomapatsa munthu aliyense ndalama mwezi ndi mwezi, wapantchito ndi wokhala. Ndikamufunsa kuti opereka ndalamawo akufuna chiyani kwa ife, amangoseka. Ine sindiseka.

Chaka chatha kunabwera olemba mayina a okalamba kuti tizilandirako kangachepe. Ndinawayang'ana nsapato, ndinawayang'ana m'maso, ndinalembetsa. Mzere sindiphonya, zimenezo agogo anandiphunzitsa mosafuna. Koma tsiku lolandira ndimalawirira ndi tsache langa n'kusesa bwalo lonse la sukulu pamene amagawirapo. Palibe amene anandituma. Achinyamata ogawawo amati agogo siyani, mutopa. Ndimasesabe mpaka kumapeto, kenako ndiye ndimakaima pa mzere, dzina langa likaitanidwa n'kuyankha mokweza.